Njinga yamoto yogwirapo kale ntchito: zofunika kuona ndalama isanatuluke m'thumba

Njinga yamoto yasanduka chida cha malonda mumzinda wa Blantyre. Ogulitsa tomato ndi kabichi amakapikulira ku Bvumbwe, eni maokala a ku Bangwe ndi Machinjiri amanyamulirapo katundu wa m'mahosale a ku Limbe, ndipo achinyamata ambiri apezerapo ntchito ya kabaza. Chovuta ndi mtengo. Njinga ndi masipeya ake zimachokera kunja, choncho kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 komanso ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya njinga zatsopano idakwera mpaka amalonda ang'onoang'ono ambiri adayamba kusaka zogwirapo kale ntchito.

Kugula njinga yakale si kulakwa, zabwino zilipo. Koma ndalama yogulira nthawi zambiri imakhala mpamba wa bizinesi kapena ngongole ya kubanki mkhonde, ndipo ngongole siidikira kuti njinga ichoke kaye kugalaja. Wogula akalakwitsa amataya kawiri: ndalama yogulira komanso masiku amene njingayo yaima. Njinga yotsukidwa bwino ndi kupakidwa polishi ikhoza kukhala chikomekome cha mkuyu, choncho pali zinthu zoyenera kuona mwandondomeko.

Mapepala ayambe

Asanagwire n'komwe kiyi, wogula apemphe mapepala. Njinga yolembetsedwa imakhala ndi nambala yapamsewu komanso chikalata cha umwini chomwe ambiri amachitcha blue book, chochokera kunthambi yoona za pamsewu ya Directorate of Road Traffic and Safety Services. Dzina lolembedwa m'chikalatacho lifanane ndi la pachiphaso cha unzika cha wogulitsa. Ngati mayina akusiyana, wogulitsa afotokoze chifukwa chake ndipo mwini wolembedwayo aonekere. Mawu oti "mwini wake ali ku Joni koma adandiuza kuti ndigulitse" si mapepala.

Kenako manambala. Nambala ya chasisi imakhomedwa pakhosi pa njinga, pomwe felemu imakumana ndi mahandulo, ndipo panjinga zambiri za masiku ano imakhala ndi zilembo ndi manambala 17. Nambala ya injini imakhala pathupi la injini, kawirikawiri cham'munsi kumanzere, pafupi ndi chopondera magiya. Wogula apukute malowo ndi kansanza n'kuwerenga chilembo chimodzichimodzi akuyerekeza ndi za pachikalata. Manambala a kufakitale amakhala ofanana kukula ndiponso oyenda pamzere umodzi. Akakhala opendekeka, ena ozama ena osazama, kapena pamalopo pakuoneka kuti padapalidwa n'kupakidwa penti yatsopano, njingayo aisiye ngakhale mtengo utakoma bwanji. Injini ikhoza kukhala kuti idasinthidwa mwachilungamo, koma lisiti la injiniyo lioneke.

Njinga zambiri zoyenda m'makwalala a mzindawu zidalowa kuchokera ku Mozambique, dera la Mwanza ndi Mulanje, ndipo zina zidadutsa njira zachidule osalipira msonkho. Njinga yotere imatchipa pogula, koma kuti ilembetsedwe pamafunika umboni woti bungwe lotolera msonkho la MRA lidalandira msonkho wake, komanso kuti apolisi atsimikize kuti si yobedwa. Ndalama zonsezi zimagwera wogula. Yemwe akufuna njinga yopanda nambala ayambe wafunsa ku MRA ndi kumaofesi a zapamsewu ku Ginnery Corner kuti adziwe zomwe adzalipire, n'kuziphatikiza pamtengo. Safunsa adadya phula.

Nkhani ya umbava njosafunika kuichepetsa. Akabaza amaberedwa njinga, ena kuvulazidwa ngakhale kuphedwa kumene, ndipo njingazo zimakagulitsidwa kwa anthu ofuna zotchipa. Kupezeka ndi katundu wobedwa ndi mlandu, ndipo njingayo ikalandidwa, ndalama siibwerera. Wogulitsa wofulumiza zinthu, wokana kupita kupolisi kapena wofuna kukumana madzulo kumalo obisika, wadziulula yekha.

Imagwira ntchito yanji?

Njinga ziwiri za chaka chimodzi zimatha kusiyana kutali. Ina inali ya mphunzitsi wopita kusukulu m'mawa n'kubwerera masana, ina inali ya kabaza. Njinga yoyenda makilomita 80 patsiku, masiku 6 pasabata, imakwanitsa makilomita pafupifupi 25,000 pachaka, itanyamula anthu awiri kapena matumba, m'misewu ya miyala ya ku Chilobwe ndi Mbayani.

Mita yoonetsa makilomita njosadalirika chifukwa kebulo yake imaduka kapena kuchotsedwa dala. Zomwe sizinama ndi mphira za popondera, mphira za pamahandulo, chopondera buleki ndi mpando. Mita ikamaonetsa makilomita ochepa pomwe mphira za popondera zidaperepeseka mpaka chitsulo kuonekera, ndiye kuti mitayo ikunama. Zonsezi zikakhala zatsopano panjinga yooneka yakale, wogula afunsenso chifukwa chake.

Ndi bwino kufunsa wogulitsa kuti oyilo amasintha pakapita nthawi yaitali bwanji, amagula wamtundu wanji, komanso makaniko wake ndani. Mwini wosamala amayankha mosajejema ndipo sangakane kuti wogula akacheze ndi makanikoyo. Ngati njingayo inali pasiteji ya kabaza, anzake a pasitejipo amaidziwa bwino: kuti idagwapo, idaphwasulidwapo injini kapena ili pachikole.

Injini ionedwe ili yozizira

Nthawi yabwino yoonera njinga ndi m'mawa, isanalizidwe. Wogula akhudze injini ndi dzanja. Akaipeza yofunda pomwe adagwirizana zoti isalizidwe, adziwe kuti mwina imavuta kulira ikagona. Injini yabwino imalira ndi kiki imodzi, ziwiri kapena zitatu, ndipo ikatenthako imapitiriza kulira yokha popanda kupotoza mafuta. Kiki nayo imanena zambiri: ikamatsika mopepuka ngati palibe chomwe ikukankha, mphamvu ya m'kati mwa injini yachepa, ndipo kawirikawiri vuto limakhala maring'i, pisitoni kapena mavavu.

Asanalize, atulutse kamtengo koyezera oyilo. Oyilo akhale wokwanira. Wakuda bii ndi wonunkha chopserera akusonyeza kuti amasinthidwa mochedwa. Wooneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti mudalowa madzi. Adonthezeko pang'ono pachala n'kuona padzuwa: timadontho tonyezimira ngati tizitsulo tikutanthauza kuti m'kati zitsulo zikudyana. Oyilo wolemera kwambiri, wonanda ngati uchi, nthawi zina amathiridwa dala kuti abise phokoso ndi utsi.

Injini ikalira, maso apite kuekizozi. Kautsi koyera kotuluka m'mawa kozizira n'kutha pakapita mphindi zochepa ndi nthunzi chabe. Utsi wabuluu wosatha ukusonyeza kuti injini ikuotcha oyilo, ndipo posachedwa ifunika kuphwasulidwa. Utsi wakuda ndi wa petulo wochuluka, vuto lomwe limachokera kukabuleta kapena kusefa ya mpweya yotsekeka. Kukonza kwake nkotchipirapo, koma njinga yotere imamwa mafuta. Pali kusiyana pang'ono panjinga monga Yamaha DT125 ndi AG100, zomwe mabungwe ndi alangizi akhala akugwiritsa ntchito: injini zake zidapangidwa kuti ziziotcha oyilo pamodzi ndi petulo, choncho kautsi kabuluu pang'ono si matenda.

Khutu nalo ligwire ntchito. Kaphokoso kakang'ono ka "tiki-tiki" kochokera pamwamba pa injini kawirikawiri ndi mavavu ofuna kutcheredwa, ntchito yosadula. Kugogoda kolemera kochokera pansi pa injini, komwe kumakula akapotoza mafuta, ndi nkhani ya mabering'i a m'kati kapena kirankishafuti, ndipo apa mpamene pamathera ndalama zambiri.

Pulagi imatuluka ndi sipanala imodzi ndipo imaonetsa mmene injini ikuotchera mafuta. Kunsonga kwake kukakhala kofiirira ngati khofi wamkaka, zinthu zili bwino. Kukakhala kwakuda ndi konyowa oyilo, zikugwirizana ndi utsi wabuluu uja. Kukakhala koyera mbee, injini ikulandira petulo wochepa ndipo imatentha kwambiri. Pomaliza, wogula ayang'ane mitu ya mabawuti a injini. Ikakhala yodyekadyeka, ndipo m'mphepete mwa injini mukutuluka zomatira m'malo mwa gasiketi, injiniyo idatsegulidwapo kangapo ndi anthu osasamala. Injini yotsukidwa mbee iyendetsedwe kaye kenako aionenso, chifukwa podontha oyilo pamaonekera ikatentha.

Felemu ndiye msana

Injini imakonzedwa, koma felemu yopindika siibwerera mwakale. Njinga iimikidwe pasitandi yapakati, pamalo athyathyathya, wogula apite kumbuyo n'kugwada: tayala lakumbuyo ndi lakutsogolo akhale pamzere umodzi. Kenako aone pakhosi pa njinga, pansi pa thanki ndi pansi pa mpando ngati pali mng'alu kapena powotcherera. Njinga zonyamula katundu wolemera zimakonda kuthyoka kumbuyo, pomwe pamangidwa kaliyala. Kaliyala wowotcherera alibe vuto, koma felemu yowotcherera pakhosi ndi ngozi yodikira tsiku.

Zizindikiro za ngozi zimaoneka pansonga za mahandulo, pazogwirira buleki ndi kilatchi, pathanki yophwanyika mbali imodzi, ndi patizitsulo toletsa mahandulo kukhota mopitirira. Tizitsulo timeneti tikathyoka kapena kuwotchereredwa, njingayo idagundapo mwamphamvu.

Mnzake wa wogula akanikize kumbuyo kuti tayala lakutsogolo likwere m'mwamba, ndipo wogula atembenuze mahandulo uku ndi uku. Ayende mofewa, osakodwa pakati. Agwirenso mafoloko pansi n'kukoka ndi kukankha. Akamva kugwedera, mabering'i a pakhosi atha. Mapaipi a mafoloko akhale owongoka, opanda dzimbiri ndi opanda oyilo wochucha. Mashokapu akumbuyo akakanikizidwa abwerere pang'onopang'ono kamodzi, osati kudumphadumpha. Tayala lakumbuyo aligwire ndi manja awiri n'kuligwedeza cham'mbali kuti amve ngati mabushi ndi mabering'i ali olimba.

Tcheni, matayala ndi mabuleki

Izi ndi zinthu zomwe zimatha panjinga iliyonse, choncho sizingalepheretse kugula, koma zimathandiza ponenerera mtengo. Tcheni chabwino chimasewera masentimita awiri kapena atatu pakati pake. Wogula achikoke kumbuyo kwenikweni kwa sipuloketi: chikanyamuka mpaka theka la dzino kuonekera, chatha. Mano a sipuloketi akakhala osongoka kapena okhota ngati mbedza, athanso. Zotcherera tcheni zikafika kumapeto, palibenso pokokera. Tcheni ndi masipuloketi awiri zimasinthidwa limodzi, chifukwa chatsopano chikaikidwa pazakale sichichedwa kutha.

Matayala aonedwe mizere ndi ming'alu ya m'mbali. Pambali pa matayala ambiri pamakhala manambala anayi osonyeza nthawi yomwe lidapangidwa: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka, moti 2319 ndi sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Tayala likhoza kukhala ndi mizere koma mphira yake itauma ndi ukalamba, ndipo lotere limaterereka mvula ikagwa. Limu izungulire mosagwedera. Masipoko akagogodedwa ndi sipanala alire mofanana. Olira mogonthera ndi okhwefuka.

Njinga zing'onozing'ono zambiri zili ndi mabuleki a m'ng'oma. Nati yotcherera buleki ikafika kumapeto kwa ulusi koma buleki n'kumagwirabe patali, ndiye kuti mashuzi atha, mwinanso ng'omayo yadyeka. Pamabuleki a disiki, aone kukhuthala kwa mapadi, mizere yozama padisiki ndi podontha mafuta a buleki. Blantyre ndi mzinda wa zitunda. Wotsika ndi thumba la chimanga kuchokera kumtunda kwa Bangwe kapena Ndirande amadalira mabuleki, ndipo chipatala cha Queen Elizabeth chimalandira anthu ambiri ovulala pangozi za njinga zamoto.

Magetsi ndi thanki

Nyali yakutsogolo, yakumbuyo, ya buleki, maindiketa, hutala ndi sitata ziyesedwe chimodzichimodzi. Makaniko wokhala ndi mita yoyezera magetsi angathe kutsimikiza: batire labwino limaonetsa mavoti pafupifupi 12.6 injini itazima, ndipo ikamalira manambala amakwera kufika pakati pa 13.5 ndi 14.5. Akapanda kukwera, njingayo siikutchaja, ndipo batire latsopano lidzatha m'masiku ochepa. Wogula atsegule mpando ndi zotchinga za m'mbali n'kuona mawaya. Mawaya odukaduka, olumikizidwa ndi tepi kapena mapepala apulasitiki, amavutitsa nthawi ya mvula. Mawaya odulidwa pafupi ndi polowetsa kiyi, kapena kiyi wa injini wosiyana ndi wa thanki, ndi chifukwa chobwereranso kunkhani ya umwini ija.

M'thanki aunikemo ndi tochi ya foni. Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol, yemwe amakoka chinyezi, choncho njinga yomwe idaima miyezi yambiri ili ndi mafuta ochepa imachita dzimbiri m'kati. Mafuta ogula m'zigubu nthawi ya kusowa kwa petulo nawo amabwera ndi zinyalala ndi madzi. Dzimbirilo limatsikira kukabuleta n'kumazimitsa njinga pamsewu. Matope ouma m'bokosi la sefa ya mpweya, m'kati mwa nyali kapena pansi pa batire akusonyeza kuti njingayo idamirapo, monga zidachitikira katundu wambiri ku Chilobwe, Manje ndi madera ena namondwe wa Freddy atawomba mu March 2023.

Kuyesa pamsewu

Kuzungulira pabwalo sikukwanira. Njinga iyendetsedwe kwa mphindi 15 kapena 20 kuti injini itenthe, ndipo njira ikhale ndi chitunda. Magiya onse alowe mosavuta, asatuluke okha akapotoza mafuta, ndipo nyutilo ipezeke msanga njinga ikaima. Poyesa kilatchi, aike giya yapamwamba akuyenda pang'onopang'ono n'kupotoza mafuta mwamphamvu: injini ikakuwa koma liwiro osaonjezeka, mapuleti a kilatchi atha. Pamsewu wowongoka ndi wopanda magalimoto, afewetse manja pamahandulo kuti amve ngati njinga ikukokera mbali imodzi. Akwezenso munthu kumbuyo n'kukwera chitunda, chifukwa ntchito yomwe njingayo ikukagwira njonyamula. Pobwerera aizimitse, adikire mphindi ziwiri n'kuilizanso. Pali njinga zolira bwino zikazizira koma zokana zikatentha.

Woyesa avale chisoti ndipo akhale ndi laisensi. Laisensi ya kodi A1 njoyendetsera njinga zosapitirira 125cc, pomwe zazikulu kuposa pamenepo zimafuna kodi A. Wogula yemwe akuganiza za njinga ya 150cc adziwiretu zimenezi.

Masipeya ndi makaniko

Mtundu wa njinga uganiziridwe ndi maso a mawa. Njinga monga Lifo, SanLG, King Lion ndi Boxer zadzaza m'misewu, choncho masipeya ake amapezeka m'mashopu a ku Limbe ndi kumsika wa Ndirande, ndipo amakaniko ambiri amazidziwa. Honda ndi Yamaha zimadziwika ndi kulimba, koma masipeya ake enieni ndi odula ndipo ena amachita kuitanitsa. Njinga yachilendo yomwe palibe wina ali nayo ikhoza kuima mwezi wathunthu kaamba ka kachitsulo kamodzi. Asanagule, wamalonda adutse m'mashopu awiri kapena atatu n'kufunsa mitengo ya pisitoni ndi maring'i, mapuleti a kilatchi, tcheni ndi masipuloketi, kabuleta ndi matayala a mtundu womwe akufunawo.

Makaniko apite naye ndi wogula, ndipo amulipire ndi wogula yemweyo. Makaniko wobwera ndi wogulitsa kapena dobadoba amadyera pamalondawo, sangatchule chilema. Kumulipira makaniko wodalirika kwa maola awiri nkotchipa kusiyana ndi kuphwasula injini.

Kuwerengera mtengo weniweni

Mtengo weniweni wa njinga yakale ndi ndalama yopereka kwa wogulitsa, kuphatikiza zokonzetsa, kuphatikizanso za mapepala: kusintha umwini, chiphaso cha COF ndi inshuwalansi, yomwe malamulo a pamsewu amafuna kuti galimoto kapena njinga yamoto iliyonse ikhale nayo.

Nachi chitsanzo cha manambala ongoyerekeza. Njinga yoyamba ikugulitsidwa K1,500,000, ili ndi mapepala onse ndipo ikungofuna tcheni ndi tayala limodzi za K150,000. Yonse yakwana K1,650,000. Yachiwiri ikugulitsidwa K1,200,000, koma ikutulutsa utsi wabuluu, kilatchi ikuterereka, matayala onse atha ndipo ilibe nambala. Zokonzetsa zikakwana K350,000 ndipo msonkho ndi kulembetsa zikatenga K300,000, yafika K1,850,000, osawerengera masabata omwe ikhale isakugwira ntchito. Yooneka yotchipa ija yadula ndi K200,000. Chiwerengero chomalizachi achiyerekezenso ndi mtengo wa njinga yatsopano ya mtundu womwewo. Kusiyana kukakhala kochepa, ndi bwino kudikira miyezi ingapo n'kuonjezera ndalama.

Mndandanda wa zofuna kukonzawo ndiwo chida chonenerera. Wogula wonena kuti "tcheni, tayala ndi mashuzi zikwana mwakuti, tichotsepo" amamveka kusiyana ndi wongodandaula kuti zinthu zavuta. Asathirenso ndalama yonse panjinga. Pakhale yotsala yosinthira oyilo, pulagi ndi sefa tsiku loyamba, komanso yoti bizinesi ipitirire.

Tsiku lolipira

Malonda achitike masana, pamalo odziwika, pali mboni za mbali zonse ziwiri. Palembedwe kalata ya mgwirizano yokhala ndi mayina, manambala a ziphaso za unzika, mtundu wa njinga, nambala yapamsewu, ya chasisi ndi ya injini, mtengo, tsiku, komanso mawu oti njingayo siili pachikole cha ngongole iliyonse. Onse asayinire ndipo aliyense atenge kalata yake. Kulipira kudzera kubanki, Airtel Money kapena TNM Mpamba kumasiya umboni womwe ndalama yapamanja siisiya, ndipo dzina la wolandira likhale la mwini njinga, osati la dobadoba.

Chomaliza ndi kusintha umwini. Wogula ndi wogulitsa onse amafunika kukhala olembetsedwa m'kaundula wa makina a MalTIS a nthambi ya zapamsewu. Njira yotetezeka ndi kupereka gawo la ndalama, kupitira limodzi kumaofesiwo, n'kumalizitsa zotsalazo dzina likasinthidwa. Wogulitsa akalandira zonse n'kusintha nambala ya foni, njingayo imakhalabe yake m'mabuku a boma, ndipo wogula adzavutika kuigulitsa, kuiikira inshuwalansi m'dzina lake kapena kuitenga kupolisi ikadzabedwa n'kupezeka.